Pepala la khoti limateteza ndani, ndipo mpaka pati?

Tiyerekeze m'mawa wa Lachiwiri ku Chibavi mu mzinda wa Mzuzu, kachifunga kasanachoke. Lole yaima pakhomo pa bambo amene anagonja pa mlandu wa ngongole koma sanalipire. Atsika asherifu awiri (antchito amene khoti limatuma kukalanda katundu), wapolisi mmodzi ndi anyamata anayi aganyu. Wamkulu wa asherifuwo watulutsa pepala lachidindo, wawerengera mwini nyumba, ndipo anyamata aja ayamba kutulutsa firiji, masofa ndi wailesi yakanema. Mayi wa pakhomopo wakakamira chitseko cha firiji, ana aima pakhonde, anthu adzaza kumpanda. Pagulu lotere sipalephera wina kunena kuti, "Koma abale, uku si kuba masanasana?"

Funsolo si lopusa. Anyamata omwewo akanabwera okha popanda pepala n'kunyamula firiji yomweyo, akanagona m'chitokosi tsiku lomwelo. Ntchito ya manja ndi imodzimodzi. Chasintha n'chakuti khoti lalamula, ndipo munthu amene wachita zimene khoti lalamula saimbidwa mlandu pa zimenezo. Izi ambiri amazidziwa mwapatalipatali. Chimene sichidziwika bwino ndi malire ake, ndipo pamalirepo ndi pamene asherifu, apolisi, asilikali a ndende, ogwira ntchito m'mabanki ngakhalenso eni ngongole amapsa manja.

Jaji kapena majisitireti sanyamula firiji, sakhoma chitseko cha selo, sadula malipiro a munthu. Iye amalemba n'kusaina basi. Kuti zimene walembazo zichitike pamafunika manja a anthu ena. Tsono zikanakhala kuti aliyense wa anthu amenewa ayambe wadziweruzira yekha ngati jaji walondola, ndipo jajiyo akalakwitsa amangidwe ndi wotumidwayo, palibe akanavomera ntchito yotere. Msilikali amene akulandira mkaidi pageti la ndende ya Mzuzu sanamve umboni, sanaone mboni, sanawerenge fayilo. Chimene ali nacho m'manja ndi waranti. Patapita chaka bwalo lalikulu likapeza kuti munthuyo anamangidwa molakwa, limamumasula, koma msilikali uja sakhala ndi mlandu wosunga munthu mokakamiza.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi chilango cha imfa. Amene ankanyonga akaidi ku ndende ya Zomba, kufikira 1992 pamene kunyonga kunachitika komaliza m'dziko muno, ankachotsa moyo wa munthu mwadala, atakonzekera ndithu. Komabe sanali ndi mlandu wakupha, chifukwa gawo 209 la lamulo la milandu yaupandu, Penal Code, limati wakupha ndi amene wachititsa imfa mwa njira yosaloledwa ndi lamulo. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, bwalo lalikulu linagamula kuti kupereka chilango cha imfa mokakamiza kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Akaidi ambiri anaweruzidwanso, ena anatuluka. Koma palibe msilikali wa ndende amene anasanduka wolakwa chifukwa chowasunga zaka zonsezo, pakuti pa nthawiyo zigamulo zinali zamoyo.

Kumene chitetezochi chili m'malamulo athu

Mayiko ena anachilemba m'chiganizo chimodzi. Ku India, gawo 78 la lamulo lawo la milandu yaupandu la 1860 linkanena kuti chilichonse chochitidwa potsatira chigamulo kapena lamulo la khoti, pa nthawi imene chigamulocho chikugwira ntchito, si mlandu, ngakhale zitapezeka kuti khotilo linalibe mphamvu zoweruza nkhaniyo, bola wochitayo ankakhulupirira ndi mtima woona kuti mphamvuzo zinalipo. Atasintha lamulo lawolo pa 1 Julayi 2024, mfundoyi anaisunga m'gawo 16 la lamulo latsopano. N'chiganizo chothandiza kuchikumbukira, chifukwa chikuonetsa mafupa onse a nkhaniyi.

Kwathu kuno mfundo yomweyi ilipo, koma inamwazikana m'malo angapo ndipo uyenera kuitola. Penal Code yathu, imene inayamba kugwira ntchito mu 1930 dziko lino likadali Nyasaland, ili ndi gawo 15 loteteza oweruza eniake: woweruza saimbidwa mlandu waupandu pa zimene wachita kapena kusiya kuchita poweruza, ngakhale atapyola mphamvu zake, kupatula pamene lamulolo lanena mwachindunji, monga pa ziphuphu. Kwa otumidwa, chitetezo chimachokera kwambiri m'mene milanduyo inalembedwera. Kuba, malinga ndi gawo 271, ndi kutenga chinthu mwachinyengo komanso popanda chikhulupiriro chakuti uli ndi ufulu wochitenga. Sherifu amene wanyamula firiji ndi pepala la khoti alibe chinyengo chimenecho. Gawo 8 limateteza munthu amene wakhudza katundu akukhulupirira moona mtima kuti ali ndi ufulu wotero. Gawo 10 limateteza amene walakwitsa pa momwe zinthu zilili, bola kulakwitsako kukhale koona mtima ndiponso koti munthu wanzeru akanalakwitsanso chimodzimodzi. Koma gawo 7 likuchenjeza kuti kusadziwa lamulo si chodzikanira. Kusiyana kwa magawo awiri omalizawa n'kofunika: wapolisi amene wagwira munthu wofanana dzina ndi nkhope ndi wotchulidwa m'waranti walakwitsa pa momwe zinthu zilili, pamene amene akuganiza kuti waranti imamulola kumenya munthu walakwitsa pa lamulo, ndipo ameneyo alibe pobisala.

Tisasokonezenso milandu ya mitundu iwiri. Pali mlandu waupandu, umene boma limazenga munthu ndipo mapeto ake ndi ndende kapena faindi. Palinso mlandu umene munthu amasumira mnzake kufuna chipukutamisozi. Lamulo la makhoti, Courts Act, limatchinga mtundu wachiwiriwu: woweruza sasumiridwa pa zimene wachita poweruza ngati ankakhulupirira moona mtima kuti ali ndi mphamvu, ndipo wantchito wa khoti sasumiridwa chifukwa chokwaniritsa waranti imene ntchito yake imamukakamiza kukwaniritsa. Munthu angathe kupulumuka ku mtundu umodzi n'kugwidwa ndi winawo. Sherifu amene wagulitsa katundu wa munthu wosakhudzidwa mosasamala mwina sangamangidwe, koma nkhani ya chipukutamisozi ingabuke ndithu.

Kodi ndi pepala la khoti lenileni?

Apa m'pamene anthu ambiri a mu Mzuzu amapusitsidwa, chifukwa pepala lililonse lachidindo ndi Chingerezi chovuta limaoneka loopsa. Kalata ya loya yokuuzani kuti mulipire pasanathe masiku asanu ndi awiri si lamulo la khoti, ndi chenjezo chabe. Chisamani chimangokuitanani kukhoti, sichipatsa wina aliyense mphamvu yotenga mbale ngakhale imodzi. Kalata ya amfumu, ya komiti ya msika, ya gulu la banki m'khonde kapena ya wakatapila ilibe mphamvu yolanda katundu. Ndipo chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti ngakhale chigamulo chenicheni, chonena kuti uje alipire uje ndalama zakutizakuti, sichilola wopambanayo kusonkhanitsa achibale n'kukazula malata. Chigamulo chimanena amene ali ndi ngongole. Kuti katundu alandidwe pamafunika pepala lachiwiri, limene khoti limatulutsa wopambanayo akapempha, ndipo pepala limenelo limapita kwa sherifu, osati kwa mwini ngongole. Ku bwalo lalikulu njirazi zili mu Order 28 ya malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017: pali lamulo lolanda ndi kugulitsa katundu, lamulo lolamula banki kapena munthu wina amene akusunga ndalama za wangongoleyo kuti azipereke, ndi njira zina. Mwini nyumba wa ku Luwinga amene wachotsa chitseko cha walendi, ngakhale ali ndi chigamulo m'thumba, akuchita yekha ndipo adzayankha yekha.

Pepala lenileni limakhala ndi dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi chaka chake, mayina a mbali zonse ziwiri, tsiku limene latuluka, zimene zikulamulidwa, siginecha ya jaji, majisitireti kapena rejisitala, ndi chidindo cha khoti. Chimodzi chikasowa, pali chifukwa chofunsa. Nambala ya mlandu ndiyo kiyi: nayo munthu angapite kwa akalaliki a khoti limene latchulidwalo, kaya ndi bwalo lalikulu kuno ku Mzuzu kaya ndi khoti la majisitireti, n'kupempha kuti aone ngati m'fayilo mulidi lamulo lotero. Ogwira ntchito m'mabanki ndi m'maofesi olipira malipiro ayenera kuchita zimenezi asanatseke akaunti kapena kudula ndalama za wantchito, makamaka pepalalo likabwera ngati chithunzi cha pa WhatsApp. Wolandira pepala labodza lopangidwa mwaluso, amene anafufuza monga munthu wanzeru akanachitira, angadalire gawo 10 lija. Amene analandira pepala lopanda nambala n'kungoti "zinandikwanira" adzavutika kulidalira.

Pepala limafa

Lamulo la khoti limateteza pa nthawi imene lili lamoyo basi. Limafa m'njira zingapo. Khoti lomwelo kapena lapamwamba lingaliimitse podikira apilo. Lingalifafanize, monga zimachitikira ndi zigamulo zimene zinaperekedwa wosumiridwayo asanayankhe, iye akaonetsa kuti chisamani sichinamupeze. Chiletso chimene munthu watenga mwachangu, mbali inayo isanamvedwe, kawirikawiri chimakhala ndi masiku owerengeka, ndipo akatha masikuwo osachiwonjezera chimangokhala pepala. Ngongole ikalipidwa yonse, cholinga cholandira katundu chatha.

Chovuta chimakhala nthawi. Tibwerere ku Chibavi kuja. Tinene kuti lole yadzaza theka, ndipo mwana wa mwini nyumba wafika pa kabaza ndi pepala limene jaji wasaina m'mawa womwewo loimitsa kulandako. Zonse zimene asherifu anachita pepalalo lisanafike n'zotetezedwa, pakuti sankadziwa. Koma kuyambira mphindi imene aliwerenga, mpando uliwonse umene akweza m'lole akukweza paokha. Sherifu wodziwa ntchito amaima, amaimbira ofesi yake kuti itsimikize, amalemba pa lipoti lake nthawi imene walandira pepalalo. Wosadziwa amati, "Tayamba kale, mukatipeza ku ofesi," ndipo mawu amenewo adzawamvanso akubwerezedwa pamaso pa jaji.

Ku ndende nkhani ya masiku n'njolimba kuposa pamenepa. Waranti ya rimandi imanena tsiku limene munthu ayenera kubwereranso kukhoti. Tsikulo likadutsa munthu osatengedwa, waranti osaikonzanso, maziko omusungira agwedezeka. Lamulo la kazengedwe ka milandu yaupandu, litakonzedwa mu 2010, linaika malire a nthawi yosunga munthu mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, ndipo kuwonjezera kumafuna chilolezo cha khoti. N'chifukwa chake akalaliki a ndende amasunga kaundula wa masiku, ndipo maparaligo (alangizi a za malamulo amene si maloya) a bungwe la PASI, lothandiza anthu omangidwa, akalowa m'ndende chinthu choyamba chimene amafufuza ndi mawaranti otha ntchito. Chimodzimodzi mkaidi amene wamaliza chilango, kapena amene khoti lamupatsa belo ndipo wakwaniritsa zofunika: kumusunga usiku wina umodzi sikulinso pansi pa pepala lililonse.

Zimene zalembedwa, osati zimene zakomera wotumidwa

Gawo ili ndilo limagwetsa anthu ambiri, ndipo tichedwepo.

Waranti yogwira munthu imatchula munthu. Waranti yosecha imatchula malo ndi zinthu zofunidwa. Lamulo lolanda katundu limatchula wangongole ndi kuchuluka kwa ndalama. Chitetezo chimathera pamene mawuwo athera. Wapolisi amene wasowa munthu wotchulidwa n'kutenga mkazi wake kapena mng'ono wake kuti "mwini wake abwere yekha" alibe waranti ya munthu ameneyo. Mchitidwe umenewu ndi wakale ndipo ena amautenga ngati nzeru ya ntchito, koma ndi kusunga munthu popanda lamulo, ndipo waranti ya wothawayo siingautsuke. Amene wapatsidwa waranti yosecha nyumba ina ku Zolozolo sangalowe nayo nyumba yoyandikana chifukwa choti anthuwo ndi pachibale.

Pa katundu, lamulo limalola kulanda wa wangongole yekha. Koma m'nyumba imodzi mumakhala zinthu za anthu ambiri: makina osokera a mayi amene anagula ndi ndalama za geni yawo, firiji yobwereka kwa achemwali, mipando ya mwini nyumba yalendi, njinga yamoto imene ili pangongole kushopu. Sherifu sangaweruze pakhonde kuti mwini weniweni ndani, ndipo sayenera kutero. Munthu akanena kuti chinthu chakutichakuti n'changa, njira yake ndi kulemba madandaulo kwa sherifu msanga, pamodzi ndi malisiti kapena umboni wina. Sherifu amadziwitsa mwini ngongole, ndipo ameneyo akatsutsa, nkhani imapita kwa woweruza kuti agamule. M'chilankhulo cha makhoti njirayi amaitcha interpleader. Njira imeneyi imateteza sherifu mwiniyo kuposa wina aliyense. Akagulitsa chinthucho atauzidwa kale kuti chili ndi mwini wina, osapita nacho kukhoti, sanganenenso kuti sankadziwa.

Kuchuluka kwa katundu kuyeneranso kulingana ndi ngongole pamodzi ndi zolipira za asherifu. Kusesa nyumba yonse pa ngongole imene firiji yokha ikanakwanira n'kupyola malire. Zovala, zofunda ndi zida zimene munthu amadyera zili ndi chitetezo chake m'malamulo a kulanda, chifukwa cholinga n'kubweza ngongole, osati kusiya banja pamtetete. Chilichonse chotengedwa chilembedwe pa mndandanda, ndipo mwini nyumba alandire kope. Katunduyo amagulitsidwa poyera pa okushoni itatha nthawi yodikira, ndipo ndalama zikatsala zimabwerera kwa wangongole. Foni imene yalowa m'thumba la mnyamata waganyu, thumba la mpunga wa kilombero limene latsitsidwa panjira, wailesi imene sherifu waigulitsa kwa mlamu wake pamtengo wa bonya: zonsezi ndi kuba wamba, ndipo kuti panali pepala la khoti kumangowonjezera kulemera kwa mlanduwo, pakuti wakubayo wagwiritsa ntchito udindo.

Pali mfundo yakale yochokera ku England, ya mlandu wa Semayne wa 1604, imene makhoti a mayiko otsatira malamulo a kumeneko amaitchulabe: pofuna katundu wa ngongole wamba, sherifu sathyola chitseko chakunja cha nyumba yogona. Nkhani imasiyana pamene khoti lalamula kuti nyumbayo iperekedwe kwa munthu wina, kapena pamene apolisi ali ndi waranti ya mlandu waupandu ndipo akanizidwa kulowa atadzitchula. Choncho sherifu akapeza pakhomo pali loko, chanzeru n'kubwerera kukhoti kukapempha malangizo, osati kutuma mnyamata kuti akatenge chitsulo.

Mphamvu nazo zili ndi muyeso. Lamulo limalola mphamvu yokwanira kuti ntchitoyo itheke, ndipo wololedwa kugwiritsa ntchito mphamvu amayankha pa chilichonse chopitirira. Kusuntha mayi amene watsekereza khomo n'kosiyana ndi kumuwomba mbama chifukwa watukwana.

Mtima woona

Nanga khoti lenilenilo likalakwitsa? Majisitireti sangaweruze mlandu wakupha kapena woukira boma, ndipo pali nkhani zina za umwini wa malo zimene sizili m'mphamvu zake. Komabe zimachitika kuti khoti laling'ono latulutsa lamulo pa nkhani imene silinayenere kuikhudza. Wotumidwa amene walandira pepala looneka bwino, lochokera ku khoti limene nthawi zonse limatulutsa mapepala otere, sayembekezeka kudziwa malamulo kuposa amene wasainayo. Iye ndi wotetezedwa. Chimene chimachotsa chitetezo ndi kudziwa. Kalaliki amene anadinda pepala akudziwa kuti woweruza sanaliwone, sherifu amene analandira kangachepe kuti alande Lachisanu madzulo wangongole asanapeze loya, wapolisi amene akudziwa kuti waranti inafafanizidwa koma akuigwiritsabe ntchito pofuna kukhaulitsa mdani: onsewa akugwira pepala lenileni ndi mtima wabodza. Nkhani zotere zimagwera m'lamulo la ziphuphu la 1995, ndipo bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB lili ndi ofesi mu Mzuzu momwemuno.

Wopempha lamulo nayenso asadzinamize. Munthu amene walumbira bodza kuti atenge chiletso, kapena wabisa kuti ngongole inalipidwa theka, sangabisale kumbuyo kwa jaji amene wamunamizayo. Sherifu amene wakwaniritsa lamulolo mosadziwa ali bwino, koma wonamayo ali ndi mlandu wa kulumbira monama, ndipo mlandu suwola.

Palinso malamulo amene ndi oipa moonekeratu, oti munthu wamba angawazindikire popanda loya. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limaletsa kuzunza munthu, ndipo limanena mwachindunji kuti munthu asakwapulidwe ngati chilango pa mlandu uliwonse pamaso pa khoti kapena nthambi ina ya boma. Pepala lolamula kuti munthu akwapulidwe zikoti, ngakhale litakhala ndi zidindo zitatu, silingateteze wogwira chikoticho. Pangano la mayiko onse loletsa kuzunza anthu, limene Malawi analowamo mu 1996, limanenanso kuti lamulo la bwana kapena la akuluakulu a boma si chodzikanira pa kuzunza.

Lamulo la bwana si lamulo la khoti

Mawu akuti "ndangotumidwa" amamveka tsiku lililonse, koma kulemera kwake kumadalira amene watuma. Khoti limamva mbali zonse, limalemba zifukwa, ndipo pali kochita apilo. Bwana wa pa ofesi, mkulu wa chipani kapena foni yochokera ku Lilongwe zilibe zimenezo. Nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983 sanaphedwe pa chigamulo cha khoti lililonse, ndipo anthu ambiri amene anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu m'zaka zimenezo sanaonekere pamaso pa woweruza. Malamulo a 1994 analembedwa ndi anthu amene ankakumbukira zimenezi. N'chifukwa chake gawo 42 limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo wapolisi amene wasunga munthu sabata yathunthu chifukwa "abwana sanabwere" alibe pepala lomuteteza. Gawo 16 la Penal Code limakhululukira munthu amene wakakamizidwa kuchita mlandu poopsezedwa ndi imfa kapena kuvulazidwa koopsa pompopompo. Kuopa kusamutsidwira ku Chitipa kapena kuchotsedwa ntchito sikufika pamenepo.

Nanga bwana ndi khoti akasemphana? Mu Epulo 2020 boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha mliri wa Covid-19, mavenda a mu Mzuzu anachita zionetsero zokana, ndipo pa 17 Epulo bwalo lalikulu linapereka chiletso m'bindikirowo usanayambe. Kuyambira pamenepo wapolisi amene anasiya anthu kugulitsa mumsika ankatsatira khoti, ndipo akanathamangitsa anthu m'dzina la m'bindikirowo akanakhala akuchita payekha. Ngakhale ofesi ya mtsogoleri wa dziko, malinga ndi gawo 91, siili pamwamba pa malamulo a khoti okhudza ufulu ndi udindo wa m'malamulo oyendetsera dziko.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi ndi yakuti lamulo la khoti limamvedwa ngakhale ukuliona kuti n'lolakwika. Mfundoyi inanenedwa momveka pa mlandu wa ku England wa Hadkinson mu 1952, ndipo makhoti athu amaitsatira: lamulo likakhalapo, ulitsatire kufikira litachotsedwa. Amene akuti "jaji analibe mphamvu, ndiye sindimvera" akudziika pa mlandu wonyoza khoti, umene ungamulowetse m'ndende nkhani yaikuluyo isanathe n'komwe. Ndipo apilo payokha siimitsa chigamulo. Chisankho cha pulezidenti cha 2019 chitafafanizidwa pa 3 Febuluwale 2020, ogonja anachita apilo n'kupempha kuti chigamulo chiimitsidwe, khoti linakana, ndipo zokonzekera chisankho chatsopano zinayenera kupitirira apilo ili mkati. Chimodzimodzi pa ngongole ya ku Chibavi: kunena kuti "loya wanga wachita apilo" sikuimitsa lole. Chimene chimaimitsa ndi pepala lapadera loimitsa, losainidwa, loperekedwa m'manja mwa sherifu.

Izi zikukhudzanso anthu amene si antchito a khoti. Bwana wa kampani amene walamulidwa kudula malipiro a wantchito kuti ndalama zipite kwa ana ake sakuba malipirowo, ndipo akakana ndiye walakwa. Banki imene yatseka ndalama potsatira lamulo la khoti siikuphwanya pangano ndi kasitomala, bola itseke kuchuluka kumene kwatchulidwa. Wapolisi amene watulutsa bambo m'nyumba yake yomwe potsatira lamulo loteteza mayi, pansi pa lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006, sakulowerera za m'banja mwa eni.

Tsono lole ikaima pakhomo panu, kulimbana nawo ndi njira yoipa kuposa zonse, chifukwa kutsekereza munthu amene akukwaniritsa lamulo la khoti ndi mlandu waupandu pawokha, ndipo kubisa kapena kutenganso katundu amene walandidwa kale ndi mlandu wina. Pemphani chiphaso cha ntchito cha amene akutsogolera. Pemphani kuwerenga pepalalo nokha, ndipo lembani dzina la khoti, nambala ya mlandu, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama. Itanani munthu wamkulu wa pafupi akhale mboni. Chinthu chilichonse chikamatuluka onetsetsani kuti chalembedwa ndi mtundu wake, osati "zamagetsi" chabe, ndipo musasaine mndandanda umene simunauwerenge. Ngati pali katundu wa munthu wina, nenani pomwepo ndipo pemphani kuti mawuwo alembedwe. Funsani kumene katundu akukasungidwa ndi tsiku la okushoni. Kenako, tsiku lomwelo, pitani kukhoti limene latchulidwa. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi mu mzinda uno. Ngati wapolisi ndi amene wapyola malire, dandaulo lingapite ku Independent Complaints Commission, bungwe limene linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la apolisi la 2010.

Wotumidwayo nayenso asunge kope ya pepala limene anagwirira ntchito, alembe nthawi imene anafika ndi imene anachoka, mayina a onse amene anali nawo kuphatikizapo aganyu ndi dalaivala, ndipo abweze lipoti kukhoti. Dandaulo limatha kubuka patapita zaka ziwiri, mafayilo atasamutsidwa, anzake atapuma ntchito. Tsiku limenelo woweruza adzamufunsa kuti aonetse waranti imene ananyamula, ndi mndandanda umene mwini nyumba anasaina.